Chitseko cha Girini

"Girini wa chipatala ameneyo? Pa galimoto imene ine ndaidzutsa kwa akufa? Mzime, usandiyambe!"

Achimwene ankakuwa ngati kompuresa ikulirabe, chonsecho amisiri anali ataizimitsa kalekale kuti mkanganowo aumve bwino. Ngakhale galu wa pageti la galaja anadzuka n'kukhala tsonga. Mzime anangoima ndi kachitsulo m'manja, kaja amisiri anapoperapo girini kuti aone sampulo, n'kumadzifunsa kuti kodi munthu ameneyu anayamba liti kukuwa akafuna kunena kuti ayi. Mwina anabadwa choncho. Iye pokhala womaliza kubadwa anawapeza ali kale pa volume imeneyo.

Galimotoyo inali ya Adadi. Yakalekale, yamphuno yaitali, mabampala achitsulo chenicheni. Inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka zosawerengeka, nkhuku zikuikira mazira m'buti, ndipo panalibe mwana amene ankaitchula kupatula pofuna kuseka. Ndiye tsiku lina Achimwene anaona pa foni galimoto yofanana nayo, yonyezimira, anthu ataizungulira akudzijambula, pansi pake palembedwa kuti classic. Basi. Chomwe zaka zonsezi ankachitcha chiphapha chinasanduka heritage ya banja. Anatulukira ndi lole yokoka, anajambulitsa ataika phazi pa bampala, anaponya chithunzicho pa group ya banja ndi mawu akuti tikuwachitira surprise madala. Sanafunse munthu. Makamaka sanafunse Mzime, amene ndiye amakhala ndi Adadiwo, kuwaphikira, kuwameta, kuwabisira makiyi a geti.

Surprise inachitikadi, kungoti osati imene iwo ankaganiza.

Mutu wa Adadi unali utayamba kutaya zinthu. Maina a ana anapita kale. Mzime tsiku lina ankakhala anamwino, tsiku lina mtsikana wantchito, tsiku lina mlendo wofunika kumupatsa mpando. Koma m'mawa uliwonse akamwa tiyi ankazungulira kuseri, n'kusisita chitseko cha dalaivala, n'kutsegula, n'kukhala pa mpando wawo atagwira chiwongolero. Kumene ankapita kaya n'kuti, koma ankabwerako ali munthu. Ankadya, ankamwa mankhwala osalimbana, masana n'kugona. Chichokereni galimoto, Adadi ankaima pakati pa milu ya njerwa ija, kuyang'ana banga la oilo pansi, n'kumafunsa aliyense wodutsa kuti wakuba analowera kuti. Chakudya ankachikankha. Lamba Mzime anachita kumubowolanso ndi msomali wamoto. Tsiku lina anawapeza pamsewu waukulu atavala jekete pamwamba pa zogonera, ati akupita kupolisi.

Ndiye kwa Mzime nkhani sinali ya kukongola ayi. Galimoto ibwerere, Adadi akaiona adziwe kuti ndi yawo, ayambenso kudya. Ikabwera iwo osaizindikira, ndiye kuti Achimwene angowabera kawiri.

Vuto linali lakuti mtundu wa galimotoyo aliyense m'banjamo ankaudziwa, ndipo aliyense ankadziwa wake. Adadi anali ndi chikhulupiriro chimodzi pa moyo wawo, chakuti penti ndi penti. Malemu Amayi akasankha penti wa nyumba, wotsala m'chitini sankatayidwa. Loweruka Adadi ankavala malaya ong'ambika, n'kumata manyuzipepala pa magalasi, n'kutenga bulashi yomwe ija yapentera khoma, galimoto n'kulandira gawo lake. Amisiri atayamba kukhula ndi sandipepa anawaitana onse kuti adzaone pa madigadi, pamwamba pa tayala. Pamwamba girini wa pakhonde. Pansi pake chikasu cha kukhitchini. Pansi pake buluu wa zitseko. Kenako bulauni wa mafelemu a mawindo, kenako chinachake chomwe palibe anavomera kuti chinakhalapo m'nyumba mwawo. Pansi penipeni ndiye panali kirimu wa kufakitale. Amisiri anati chiyambireni ntchito sanaonepo galimoto yokhala ndi mbiri ya nyumba yonse, ndipo ananena ngati dokotala amene wapeza matenda oti akawauze anzake.

Achemwali, amene anakwatiwa kutali, anakulira pa chikasu. Iwo nkhondoyi ankamenyera pa ma voice note aataliatali, theka akulira, theka akukalipira ana awo kuti atsike pa tebulo. Anavotera chikasu, kenako anati chitani zimene mukufuna ine ndine ndani, kenako anakwiya kuti anthu akuchitadi zimene akufuna. Achimwene anakulira pa buluu, ndipo buluu ameneyo sanamukhululukire mpaka lero. Adadi ankawatula kusukulu m'galimoto yofanana ndendende ndi chitseko cha chimbudzi cha kwawo, anzawo ena anabwerapo kunyumba n'kuona, nkhani n'kufala. Teremu yonse ankapempha kutsikira pakona.

Ndiye tsopano ankafuna kirimu. Original. Mawu amenewa ankawatchula ngati akupemphera. Anali ataonera mavidiyo okwanira kutsegula sukulu, moti ankalankhula za base coat ndi clear coat munthu yemwe sanagwirepo ngakhale chitini cha thinazi. Amisiri anali mbali yawo, osati chifukwa chowakonda, koma galimoto yonyezimira ikatuluka pageti lako imakulengezera yokha. Girini wa Mzime anachita kumusakaniza atakwinya nkhope, ngati awapempha kuphika poizoni.

Mzime anayesa kunena modekha kuti Adadi akhala akusisita girini ameneyu kuyambira Amayi ali moyo, ndipo nyumba sinapentedwenso chimwalirireni iwo, ndiye ndi yekhayo amene amamudziwa. Achimwene anaseka kaseko kawo ka m'mphuno, n'kunena kuti iwo anawerenga, anthu odwala chonchi amaiwala zadzulo n'kumakumbukira zakale, ndipo Adadi galimotoyi anaigula ili kirimu, ali mnyamata, tsitsi lonse lili m'mutu. Akaona kirimu adzalira ndi chimwemwe, full stop.

Chomwe chinamunyansa kwambiri Mzime n'chakuti mfundoyo inali yomveka. Palibe chowawa ngati munthu wokuwa akapezeka kuti mwina akunena zoona.

Amisiri anatsokomola n'kufunsa ngati sikungakhale kwanzeru kuwafunsa eni akewo, poti ali pompano.

Analidi pompo. Mzime sakanawasiya okha kunyumba, ndiye anabwera nawo, n'kuwakhazika pakhomo la kaofesi pa mpando wakale wa galimoto womwe amisiri anaukhazika pa matayala kuti makasitomala azidikirirapo. M'mawa wonse ana awo akhala akung'ambana kukhosi za chimene Adadi akufuna, Adadiwo ali poteropo, chipewa pa bondo, phee. Mzime anadabwa pang'ono kuti lero sanadzuke ngakhale kamodzi kufunafuna geti, koma analibe nthawi yoganizira zimenezo.

Achimwene anavomera msanga, poti ankadziwa kale kuti apambana. Amisiri anati penti saonera pansi pa babu, babu ndi wabodza, ndiye anakankhira galimoto ija pakhomo pomwe dzuwa linkafika. Inali mu pulayima wotuwa, penti woyambirira uja, yosalala ngati dzira, makwinya onse atadzazidwa, magalasi atamatidwa mapepala. Kunena zoona ntchito inagwirika. Pa boneti anandandalikapo tizitsulo tija: kirimu wa Achimwene, girini wa Mzime, ndi chikasu choti Achemwali asadzanene kuti anasalidwa.

Mzime anawagwira mkono Adadi n'kubwera nawo. 

Adadi anaiyang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mwaulemu, ngati mmene munthu amayang'anira mwana wa eni ake amene amupatsa kuti anyamule. Kenako anatembenukira kwa Achimwene n'kuvula chipewa.

"Galimoto yabwino, abwana. Mwaigula kumene?"

Achimwene anati zimenezo n'zachidziwikire, ili mu pulayima, ngakhale iwo sangaidziwe, tiyeni ku masampulo. Anawaikira Adadi kirimu m'manja n'kuyatsa kamera. Adadi anakatembenuza kachitsuloko, n'kukayang'ana kumbuyo, n'kukagwira bwinobwino. Achimwene anali atayamba kale kulemba pa group kuti madala asankha. Ndiye Adadi anayamba kudzikupiza nako, poti kunja kunkatenthadi.

Mzime sanaseke. Anafuna, koma anasunga kuti aseke bwino girini akapambana. Anawalanda kirimu uja n'kuwapatsa wake. Amisiri anali atamufananitsa ndithu, girini yemwe uja wa pakhonde, amene Amayi ankati ndi woziziritsa maso pomwe wina aliyense ankati ndi wa chipatala. Adadi anamuyang'ana. Anayendetsa chala chachikulu pamwamba pake, kupita, kubwera. Kenako anapukuta chalacho pa buluku, n'kukabweza kachitsuloko pa boneti mosamala, n'kufunsa ngati basi yobwerera ichedwa.

Chikasu sanachikhudze n'komwe.

Panakhala bata loipa.  Milungu yonseyi Mzime wakhala akumenyera girini, kutukwanizana ndi m'bale wake pa foni mpaka batire kutha, akudziona ngati yekhayo amene amawadziwa Adadi. Ndiye nayu girini, Adadi akupukuta chala ngati agwira chonyansa. Ndiye kuti galimoto ikanapita kunyumba mtundu uliwonse, iwo akanapitiriza kuima pa njerwa paja kufunsa za wakuba, lamba n'kumabowoledwabe mpaka pomwe sipangabowolekenso.

Achimwene, poti iwo bata samalitha, anayamba kufotokoza kuti test imeneyi sinali scientific. Amisiri anayamba kutolera tizitsulo tawo. Ndi pomwe anazindikira kuti Adadi achokapo.

Anali akulowera kuseri kwa galaja, kumene amisiri amaunjika zotaya. Amisiri anawakuwira kuti chimbudzi chili mbali inayo, bambo. Adadi sanacheuke. Anadutsa mapaipi autsi adzimbiri, anadutsa mulu wa matayala, n'kukaima pakhoma pomwe panatsamira chitseko.

Chinali chitseko cha dalaivala. Chakale chija. Kunsi kwake dzimbiri linali litadya mpaka kuoneka kuwala, ndiye Achimwene analamula kuti chichotsedwe, n'kukagula china chabwinobwino kwa ogulitsa zitsulo zakale. Palibe anavutika kuchikhula. Chinali chikadali girini, koma osati girini wa pa kachitsulo uja. Uyu anali wa bulashi, mizeremizere ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera, tsitsi la bulashi litaumira momwemo, ndipo pansi pa chogwirira panali chotupa pomwe penti anayenderera n'kuuma.

Adadi anaika chikhatho pa chitsekocho. Sankachiyang'ana n'komwe, maso anali kukhoma. Dzanja linkangoyenda lokha motsata mizere ija, pang'onopang'ono, mpaka chala chachikulu chinakafika pa chotupa chija n'kuima. Msana unawongoka.

"Ndani wachotsa chitseko cha galimoto yanga?"

Mawuwo anali aja akale, aja ankachititsa ana kubisala kuseri kwa sofa. Achimwene, bambo wa ana akeake, wandevu zoyamba kuyera, anabweza foni m'thumba osadziwa kuti wabweza. Adadi anatembenuka n'kumuyang'ana Mzime m'maso.

"Iwe, amayi ako akaona zimenezi sakondwa. Penti ameneyu ndi wa pakhonde."

Amayi ako. Osati anamwino, osati mayi inu. Mzime anayang'ana kumbali, poti kulira pamaso pa Achimwene ndi kuwapatsa nkhani ya pa group.

Kenako anati basi, yankho lapezeka, chitseko chibwerere pa galimoto mmene chililimu. Amisiri anachita ngati awaponda chala. Anati kunsiko angathe kuwotcherera chigamba, imeneyo si nkhani, koma galimoto yotuluka pa galaja yawo ndi chitseko cha bulashi, anthu adzati chiyani? Mzime anati ndiye ipentedwe yonse ndi bulashi kuti zifanane, penti wa pakhonde amagulitsa paliponse. Amisiri anavula magalasi awo a fumbi n'kunena mwaulemu kwambiri kuti iwo ndi opopera magalimoto, opentera mipanda ali kumsika, ndipo ngati Mzime akufuna angamulozere.

Achimwene anati chabwino, agonja, ipoperedwe girini, girini wa chipatala yemweyo, aone ngati dziko silitha. Ananena ngati akupereka impso. Mzime anawakumbutsa kuti girini wopopera Adadi angomupukuta pa buluku pompano iwo akuona. Si mtundu umene akuufuna. Ndi mizere, ndi tsitsi la bulashi, ndi chotupa chija. Ndipo zimenezo zinali pa galimoto yonse mpaka tsiku limene sandipepa anafika.

Apa ndiye Achimwene anaphulika, koma chapansipansi, zomwe zinali zachilendo. Anati miyezi yonseyi akhala akuthamanga, kusaka mabampala, kusaka nyali, kusokanso mipando, ndiye lero auzidwe kuti zonsezo n'zachabe chifukwa cha tsitsi la bulashi? Anati iwo ankangofuna kuti tsiku limodzi, limodzi lokha, akwere galimoto imeneyi ndi bambo awo, adutse pamsewu anthu akuyang'ana, iwo osafuna kutsikira pakona. Kodi limenelo ndi tchimo?

Silinali tchimo. Mzime anawayang'ana ndipo kwa kamphindi anaona kamnyamata ka yunifolomu kakutsetserekera pansi pa mpando kuti anzake asakaone. Anatsala pang'ono kuwamvera chisoni. Kenako Achimwene anawonjezera kuti komanso kuli show ya magalimoto akale mwezi wamawa ndipo analembetsa kale, ndiye chisoni chija chinabwerera kumene chinachokera.

Kumbuyo kwawo kunamveka phokoso. Adadi anali atagwira chogwirira n'kumakoka kuti atsegule. Chitseko chinachoka pakhoma, n'kutsala pang'ono kuwagwera, Mzime n'kuchigwira. Kuseri kwake kunalibe mpando, kunalibe chiwongolero, kunali khoma la njerwa ndi ndere. Adadi anayang'ana khomalo nthawi yaitali, nkhope n'kuyamba kubwerera kuja imapita.

Ndi pomwe mawu a Achimwene aja anamufika Mzime bwinobwino. Kusokanso mipando. Anacheuka kuyang'ana pakhomo la kaofesi, pa mpando uja Adadi akhalapo m'mawa wonse osatekeseka. Wabulauni, wong'ambika pakona, pakati pake pali dzenje lofanana ndi munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Anafunsa amisiri kuti mpando umenewo unachokera kuti. Amisiri anakanda m'mutu n'kunena kuti abwanawa anati utayidwe, siponji yake inatha, ndiye iwo anaona kuti makasitomala angamakhalirepo. Nanga chiwongolero chakale? Chinali chopachikidwa pa msomali m'kaofesimo, poti abwanawa anagula chamatabwa chonyezimira.

Mzime anayang'ana chinthu chotuwa chosalala chija chili padzuwa. Anayang'ana mulu wa zotaya. Zoona, miyezi yonseyi anthu akulu ndi maina awo akhala akuchotsa galimoto ya Adadi chidutswachidutswa n'kumaitaya kuseri, n'kumakangana za mtundu wopaka chotsalacho.

Anapempha wilibala. Amisiri anazengereza, kenako anabwera nayo okha, n'kuthandiza kukweza mpando, chitseko pamwamba pake chopingasa, chiwongolero n'kuchilowetsa pambali. Anamanga ndi chingwe cha chubu, n'kunena kuti wilibalayo ibwere lero lomwe, ndi ya ntchito. Kunyumba sikunali kutali kwenikweni. Njerwa zija zinali pomwe zinasiyidwa, banga la oilo lilipo, ndipo kumanga chitseko pa mtengo kuti chizitseguka si ntchito yofuna mavidiyo.

Adadi palibe anawauza chochita. Anavala chipewa, n'kubwera kudzaima pambali pa wilibala, dzanja pa girini wawo, chala pa chotupa chija. Anamuuza Mzime kuti ayendetse bwino, pageti pali dzenje.

Achimwene anaima pakati pa galaja, kirimu dzanja ili, girini dzanja ili. Foni inkalira m'thumba, mosakayikira Achemwali akufuna kudziwa ngati chikasu chapambana. Achimwene anati Mzime asachite zamisala, anthu amuona bwanji pamsewu akukankha zinyalala ndi munthu wamkulu pambali. Mzime ananyamula zogwirira. Achimwene anati ayime kaye, nkhani sinathe, amisiri akudikira yankho, penti ayenera kugulidwa lero.

"Nanga galimotoyi tiipente mtundu wanji?"

"Galimoto ya Adadi ili mu wilibala muno. Yanuyo pentani zimene mukufuna."

Tayala la wilibala linalira, galu anapatuka, Mzime n'kutuluka pageti, Adadi ali pambali pake akuwongolera.